Tsamba likamangokuzungulitsani: kufufuza vuto la domain pogwiritsa ntchito proxy

Mwezi wathawu pa shopu yanga ku Limbe panafika mayi wina atanyamula laputopu m'chikwama cha nsalu. Ali ndi malo ogona alendo cha ku Namiwawa, ndipo anali atagula domain yatsopano, dzina la tsamba pa intaneti, yothera ndi .mw kuti asiye yakale ya .com. "Achimwene, tsamba langa lafa," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Ndikalemba adiresi likungozungulira, kenako kumabwera uthenga wa Chingerezi. Koma mwana wanga ku Lilongwe akuti kwa iye likutseguka bwinobwino."

Mawu omalizawo ndi amene anandipatsa poyambira. Tsamba likamatseguka kwa wina, kawirikawiri ndiye kuti silinafe. Zimandipweteka kuona anthu akuchotsa browser n'kuikanso, ena mpaka kufomata kompyuta yonse ndi kutaya mafayilo, asanadziwe kuti vuto lagona pati. Malo ake ndi atatu okha: pa chipangizo chanu, pa netiweki imene mukugwiritsa ntchito, kapena pa seva, kompyuta imene imasunga tsambalo. Pezani kaye malowo, kukonza kubwere pambuyo.

Timvane kaye kuti forwarding n'chiyani. Sitolo ikasamuka ku Limbe kupita ku Ginnery Corner, mwiniwake amamata chipepala pachitseko chakale chonena kumene wapita. Pa intaneti chipepalacho ndi nambala imene seva imayankha browser yanu, pamodzi ndi adiresi yatsopano. Nambala 301 ikutanthauza kuti tasamukiratu, kuno musadzabwerenso. Nambala 302 ikutanthauza kuti tachoka kwa kanthawi, ulendo wina mudzayambe mwadzera konkuno. Browser ikalandira 301 imaisunga, ndipo tsiku lina siifunsanso seva, imangolunjika ku adiresi yatsopanoyo. Tsono mukafika ku Ginnery Corner n'kupeza chipepala china chonena kuti bwererani ku Limbe, mungokhalira kukwera ndi kutsika minibasi mu Chipembere Highway. Chrome ndi Firefox zimalola kutumizidwa kotereku ka 20, kenako zimaleka n'kukuonetsani uthenga.

Proxy ndi mthenga. M'malo mopita nokha, mumatuma seva ina, kawirikawiri ya ku Ulaya kapena ku America, kuti ikakutengereni tsambalo. Mthengayo sadziwa zimene browser yanu inasunga, ndipo safunsa DNS (kaundula wosandutsa dzina la tsamba kukhala nambala ya seva) ya kampani imene mumagulako intaneti. Amaliona tsambalo ngati mlendo wofika koyamba, ndipo phindu lake kwa ife lagona pomwepo.

Choyamba: werengani uthengawo

Ambiri amangoona kuti tsamba lakana n'kutseka. Pansi pa uthengawo pamakhala mawu a zilembo zazikulu, ndipo mawuwo amakuuzani koyambira. Mu Chrome ndi Edge, ERR_TOO_MANY_REDIRECTS ndi nkhani ya minibasi ija. Firefox imanena zomwezo ndi mawu akuti "The page isn't redirecting properly". DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN ikutanthauza kuti dzinalo silinapezeke konse: mwalakwitsa polemba, domain inatha nthawi, kapena sinalozedwe kulikonse. ERR_PROXY_CONNECTION_FAILED ndi ERR_TUNNEL_CONNECTION_FAILED zikuloza kuti kompyuta yanu inauzidwa kudutsira pa proxy inayake imene sikuyankha. NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID ikunena kuti mwafika pa seva, koma satifiketi yake, yotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, ili m'dzina lina. Jambulani uthengawo pa foni, mudzaufuna polankhula ndi amene amakusungirani tsamba.

Chachiwiri: yesani pa khomo lina

Tsegulani windo ya Incognito podina Ctrl+Shift+N mu Chrome, kapena Ctrl+Shift+P mu Firefox, mulembe adiresi yomweyo. Windo imeneyi imayamba yopanda ma cookies ndi cache yakale, zinthu zimene browser inasunga kuchokera ku masamba amene munatsegulapo, ndipo ma extension amakhala ozima pokhapokha ngati munawaloleza nokha. Tsamba likatseguka muno, vuto lili mu browser yanu ndipo mutha kudumphira pa gawo lachinayi.

Likakana, tengani foni, zimitsani Wi-Fi, muyese ndi data ya TNM kapena Airtel. Onetsetsani kuti muli ndi bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula masamba ena, ndipo mudzaganiza kuti tsamba lafa pamene bandulo ndiyo siyoyenera.

Chachitatu: tumani mthenga

Masamba a proxy aulere alipo ambiri, monga CroxyProxy ndi ProxySite, ndipo onse amagwira ntchito mofanana. Mumatsegula tsamba la proxy, pakati pake pali bokosi lolembamo adiresi, mumalemba n'kudina Go. Ena amakulolani kusankha dziko la seva. Simukuika pulogalamu iliyonse pa kompyuta, simukusintha ma settings.

Musayese adiresi imodzi yokha. Domain iliyonse ili ndi makomo anayi ndipo lililonse likhoza kuyankha zosiyana. Lembani http://dzinalanu.mw, kenako http://www.dzinalanu.mw, kenako ziwiri zomwezo koma zoyamba ndi https. Pa pepala lembani kumene khomo lililonse lakufikitsani. Nthawi zambiri mudzapeza kuti atatu akugwira, limodzi lokha ndilo lasokonekera, ndipo mwatsoka limakhala lomwe linasindikizidwa pa chikwangwani kapena pa malisiti.

Zotsatira zake muziwerenge motere. Tsamba likatseguka pa proxy koma kwa inu likukana, seva ili bwino, fufuzani kwanu. Likakana pa proxy ndiponso kwa inu ndi uthenga wofanana, musavutike ndi kompyuta yanu, vuto lili kwa mwini tsamba. Pali njira yachitatu imene imasokoneza anthu: kwa inu likutseguka koma pa proxy likukana. Mwina browser yanu ikukuonetsani zakale zimene inasunga pamene alendo onse akuona tsamba lakufa, kapena tsambalo limangokana ma proxy. Masamba ambiri akuluakulu amatero, amakufunsani kuti mutsimikize kuti ndinu munthu, kapena amangotseka. Zikatero yesani proxy ina, kapena imbirani mnzanu amene sanalitsegulepo tsambalo.

Apa ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amapwetekera. Mukatsegula tsamba kudzera pa web proxy, chizindikiro cha chitetezo chimene mukuona pamwamba ndi cha proxyyo, osati cha tsamba limene mukufuna. Chilichonse chimene mwalemba chimafika kaye m'manja mwa mwini proxy chili poyera, iyeyo ndiye n'kuchitumiza. Pasiwedi ya imelo, ya Facebook, ya ku banki, nambala ya khadi, zonse akhoza kuziwerenga ngati akufuna, ndipo simumudziwa. Choncho pa proxy yaulere musalowe mu akaunti iliyonse, ngakhale ya tsamba lanu lomwe. Ingoonani ngati khomo likutseguka, mutuluke. Ikakuuzani kuti muike extension kapena pulogalamu kuti ithamange, kanani. Ikakufunsani kuti mulole ma notification, dinani Block.

Dziwaninso kuti proxy imachedwa. Dziko lathu silifika ku nyanja yamchere, ndiye data yathu imadutsa Mozambique kapena Tanzania kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Tsamba losungidwa konkuno ku Blantyre mukalitsegula kudzera pa seva ya ku Ulaya, uthenga umapita kutaliko, kubwerera kuno kudzatenga tsamba, kupitanso, kenako n'kudzafika kwa inu. Kuchedwako musakuyese vuto la tsamba. Ndipo ngati muli pa netiweki ya ku ntchito kapena ya sukulu, funsani kaye a IT, chifukwa malo ambiri amaletsa ma proxy.

Chachinayi: ngati vuto lili pa chipangizo chanu

Yambani ndi zing'onozing'ono. Fufutani ma cookies a tsamba lokhalo, osati onse, kuti musatulutsidwe mu akaunti zanu zina. Mu Chrome lembani chrome://settings/content/all pamalo a adiresi, sakani dzina la tsambalo, mufufute zake zokha. Mu Firefox tsegulani History, dinani tsambalo ndi batani lakumanja, musankhe Forget About This Site.

Ngati sizinathandize, mwina 301 yakale ija ndiyo yakanirira mu cache. Dinani Ctrl+Shift+Delete, pa nthawi sankhani All time, muchonge Cached images and files chokha, zina zonse muzisiye. Mukatero masamba onse adzayamba kukoka zithunzi mwatsopano, ndiye tsiku limenelo bandulo idzatha msangako. Ngati mungathe, chitani izi muli pa Wi-Fi.

Kenako DNS. Kompyuta imakumbukira nambala ya seva ya domain iliyonse imene mwatsegula. Pa Windows tsegulani Command Prompt, mulembe ipconfig /flushdns n'kudina Enter. Chrome ilinso ndi kaundula wakewake: lembani chrome://net-internals/#dns mudine Clear host cache.

Tsopano onani ma settings a proxy, makamaka ngati uthenga unali ndi mawu akuti PROXY kapena TUNNEL. Proxy ya mtundu uwu ndi yosiyana ndi tsamba lija, chifukwa imalembedwa m'kompyuta momwemo ndipo zonse zimadutsira pamenepo. Pa Windows 10 ndi 11 pitani ku Settings, Network & Internet, Proxy. Mukapeza Use a proxy server yoyatsa, pali adiresi ndi port ngati 8080 kapena 3128 zimene simunaike nokha, zimitsani. Chimodzimodzi Use setup script. Izi ndimaziona kwambiri pa malaputopu amene anthu achoka nawo ku ofesi n'kupita nawo kunyumba, komanso ogulidwa kwa wina: akufunafunabe proxy ya malo amene anachokako kalekale. Chrome ndi Edge zimatsata ma settings a Windows amenewa. Firefox ili ndi akeake, ku Settings, General, pansi penipeni pa Network Settings. Sankhani No proxy muyesenso.

Pa foni ya Android proxy imabisala pawiri. Pa Wi-Fi, tsegulani netiweki imene mwalumikizako, pa Advanced options muone kuti Proxy ili pa None. Pa data, pitani ku Access Point Names. Ngati wina anakulemberani manambala pa Proxy ndi Port ndi lonjezo la intaneti yaulere, dinani Reset to default. Kumbukiraninso kuti Opera Mini, imene ambiri timaikonda chifukwa siidya data, imadutsitsa masamba pa ma seva a Opera kuti iwachepetse. Ndiye kuti imeneyonso ndi proxy, ndipo zimene ikukuonetsani zikhoza kusiyana ndi za Chrome pa foni yomweyo.

Pali vuto lina looneka mosiyana: mukulemba adiresi yolondola, koma mukupezeka pa tsamba la juga kapena la malonda achilendo. Ngati zikuchitika pa masamba ambiri, tsegulani chrome://extensions muzimitse onse, kenako muziyatsa imodzi imodzi mpaka wolakwa adziwike. Onaninso fayilo yotchedwa hosts, ili ku C:\Windows\System32\drivers\etc. Itseguleni ndi Notepad. Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha # ilibe vuto. Mzere wokhala ndi dzina la tsamba lanu pafupi ndi nambala yachilendo ndiwo wofunika kuchotsa, ndipo kuti musunge kusinthako Notepad muitsegule ngati administrator. Koma ngati ndi tsamba limodzi lokha, ndipo pa proxy likupitanso ku juga komweko, tsambalo lathyoledwa kapena domain inatha nthawi wina n'kuigula.

Chomaliza pa gawoli ndi wotchi. Pa kompyuta zakale, kabatire ka CR2032 kakatha, magetsi akangozima tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo masamba onse a https amakana ndi uthenga wa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Konzani tsiku ndi nthawi, mugule kabatire.

Chachisanu: ngati vuto lili pa netiweki

Gawo ili ndi lalifupi. Pa Wi-Fi ya ku hotela kapena kumalo odyera, netiweki imafuna kukutumizani kaye ku tsamba lake lolowera, koma singapatutse tsamba la https popanda browser kudandaula. Tsegulani neverssl.com, limene lilibe https, tsamba lolowera lidzatuluka. Ku ofesi mukaona 407 Proxy Authentication Required, proxy ya kampani ikufuna dzina ndi pasiwedi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya a IT.

Kuti muone ngati DNS ya netiweki yanu yatsalira, lembani nslookup dzinalanu.mw mu Command Prompt, kenako nslookup dzinalanu.mw 8.8.8.8, imene ikufunsa Google. Manambala akasiyana kwambiri patangopita nthawi yochepa musinthireni domain, kusinthako sikunafike ponseponse. Zimitsani rauta ndi kuyatsanso, kapena ikani 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ngati DNS yanu kwa kanthawi.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati tsambalo ndi lanu

Apa mukufunika kuona ulendo wonse ndi maso. Mu Chrome dinani F12, sankhani Network, muchonge Preserve log ndi Disable cache, kenako mulembe adiresi. Mzere uliwonse ndi poima pamodzi. Dinani umene uli ndi 301 kapena 302, pa Headers muone mawu akuti Location, ndiko kumene mwatumizidwa. Pa mzere womwewo mukaona mawu akuti from disk cache, dziwani kuti yankho lachokera m'kompyuta yanu, seva sinafunsidwe. Kuti muone zimenezi, yambani mwayesa Disable cache isanachongedwe.

Ine ndimakonda pulogalamu ya curl, imene imabwera kale mu Windows 10 kuyambira 2018, chifukwa siisunga kanthu. Mu Command Prompt lembani curl -IL --max-redirs 5 http://dzinalanu.mw ndipo idzakulemberani poima paliponse motsatizana. Mukaona ma adiresi awiri akusinthana, mwapeza malo amene malamulo awiri akulimbana.

Malamulo olimbanawo amachokera kuti? Forwarding ikhoza kuikidwa malo angapo nthawi imodzi: kumene munagula domain, mu cPanel, mu fayilo ya .htaccess, mu plugin, ndi mu Cloudflare. Munthu wina amaika lamulo loti onse apite ku www, wina pambuyo pake n'kuika loti www achotsedwe. Sankhani adiresi imodzi yeniyeni, musiye lamulo limodzi pamalo amodzi, ena onse muchotse. Pa WordPress onani ku Settings, General, kuti WordPress Address ndi Site Address zikugwirizana ndi imene mwasankhayo, mpaka pa https ndi www.

Amene amagwiritsa ntchito Cloudflare, imenenso ndi proxy koma yoima kumbali ya mwini tsamba, amakodwa kawirikawiri pa SSL (chitetezo cha https) yotchedwa Flexible. Pamenepo Cloudflare imalankhula ndi seva yanu pa http, seva n'kuyankha kuti pitani ku https, mlendo n'kubweranso pa https, Cloudflare n'kufunsanso pa http, osatha. Ikani satifiketi pa seva, musinthe SSL ikhale Full kapena Full strict.

Forwarding ya masking, imene imasunga dzina lakale pamwamba pamene tsamba latsopano likuoneka mkati mwa felemu, sindiilimbikitsa. Masamba ambiri, kuphatikizapo Facebook, amakana kuonetsedwa mu felemu ya wina, ndiye mlendo amangoona poyera popanda kanthu. Ngati mukufuna kuti domain yanu izipita ku tsamba lanu la Facebook, gwiritsani ntchito forwarding wamba. Onaninso kuti domain yakale ili ndi satifiketi yake, chifukwa munthu akalemba https pa dzina lakale, browser imayamba yafunsa satifiketi isanamve n'komwe za kusamuka.

Mukasintha ma record a DNS, mizere yonena seva imene domain ikuloza, dikirani. Record iliyonse ili ndi TTL, nthawi ya m'masekondi imene ma seva ena amaloledwa kusunga yankho lakale: 3600 ndi ola limodzi, 86400 ndi tsiku lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamasinthasintha mphindi khumi zilizonse, simudzadziwa kuti chathandiza ndi chiti. Ngati mukudziwiratu kuti musamuka, tsitsani TTL ikhale 300 kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo onani kuti domain ndi yolipiridwa. Ma domain a .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, ndipo ayenera kulembetsedwa m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya amene anakupangirani tsamba.

Laputopu ya mayi aja inatsegula tsamba mu Incognito nthawi yomweyo, pa proxy makomo onse anayi anafika pamalo oyenera, ndipo curl inaonetsa 301 imodzi yokha, kuchoka ku .com kupita ku .mw. Nditawafunsa mmene kusamukako kunayendera, zonse zinaoneka. Pa masabata oyambirira, tsamba lisanasamutsidwe, amene anawapangira anaika 301 yotumiza .mw ku .com, ndipo laputopu yawo inasunga. Atasamutsa tsamba anatembenuza lamulolo. Tsono browser inkachoka ku .mw kupita ku .com potsata zimene inasunga, seva n'kuibweza ku .mw, basi kuzungulira. Mwana wa ku Lilongwe anali asanatsegulepo adiresi yatsopanoyo m'masabata amenewo, n'chifukwa chake sanaone vuto.

Titafufuta cache tsamba linatseguka. Mayiwo anakhala chete pang'ono kenako anafunsa, "Nanga alendo anga amene anatsegula nthawi imene ija?" Linali funso loyenera, chifukwa cache ya anthu ena simungaifikire. Ndinawalembera kapepala kokapereka kwa wowapangira tsamba uja. Choyamba, domain yakale izitumiza anthu ku adiresi yosiyanako pang'ono, monga dzinalanu.mw/takulandirani, chifukwa browser imasunga 301 ya adiresi yeniyeni imene inatsegulidwa, ndipo yatsopanoyi sinaionepo. Chachiwiri, ulendo wina akamayesa forwarding ayambe ndi 302, aike 301 pokhapokha makomo onse anayi atayesedwa pa laputopu, pa data ya foni ndi pa proxy.